Mlondachipata wa pa Lizulu

Masana ndine Nasibeko wa m'kakontena kofiira,
wogulitsa mayunitsi pa Lizulu,
pakati pa matumba a kachewere ndi milu ya kabichi.
Usiku ndine Mlondachipata,
ndipo dziko la Mphiringanya, lomwe silili pa mapu,
limagona ndi kudzuka pansi pa chala changa chachikulu.

Tilimo anthu makumi asanu ndi atatu,
ambiri sitinaonanepo nkhope.
Wina amasula malupanga, wina amaweta zinjoka,
wina ndi mfumukazi ya m'madambo
ngakhale ndinamva kuti kukacha
amafufuta choko pa bolodi ku Mlanda.

Malamulo ndinawalemba kumbuyo kwa buku la ngongole:
usaphe mnzako iye ali kutali ndi foni,
usadzimeretse mapiko amene sunakhetsere thukuta,
tukwana chilombo, osati mwini chilombo.
Poyamba anali asanu.
Lero ndi khumi ndi anayi,
lililonse chipsera cha mkangano wake.

Madandaulo amatsika ngati nkhungu ya mu Juni,
osagogoda.
"Adimini, netiweki inathawira ku Mozambiki,
pobwera ndapeza mudzi wanga uli phulusa."
"Adimini, Tsilizani ali ndi maina awiri,
wadzikwatira yekha kuti adye chuma cha masiye."
"Adimini, mumakondera."
Lomalizali silijomba, limafika ngakhale Lamulungu.
Ndimayankha zala zili gwa ndi chisanu,
batire ili pa fo peresenti,
malipiro anga ndi kutchedwa mfiti.

Lachinayi, kavalo wa Chiphaliwali anagwa m'mbuna.
Anagwa mwachilungamo, ndinawerenga kawiri.
Mwini wake anabangula, nasiya mbuna,
nayamba kutchula amake a wokumba mbunayo
ndi mawu amene sindingalembe m'buku la ngongole.
Lamulo lachitatu. Masiku asanu ndi awiri kunja.
Ndinatseka chipata, ndinagona tulo tokoma.

M'mawa anabwera Msaiwale,
mnyamata wosenza matumba kukweza m'malole,
amene amati zikomo ngakhale kwa womuponda phazi.
Anatambasula ndalama yonyowa ndi thukuta.
"Lero ya mazana awiri yokha, achemwali.
Andipirikitsa kwathu."
Ndinati, kumudzi? Mwalakwanji?
"Iyayi, kwathu kwenikweni,
kumene ndili ndi kavalo."

Pa galasi losweka la foni yake
ndinaona chisoti chamkuwa, mphezi pachipumi.
Chiphaliwali.
Phewa lake linali ndi dothi lofiira la matumba,
nsapato imodzi yomanga ndi waya.

"Adimini wathu ndi galu," anatero motsitsa mawu,
kenaka, "Pepani, pakamwa pandipulumuka.
Kavaloyo ndinamulera miyezi isanu ndi umodzi.
Kuno amandiitana kuti iwe.
Kumeneko akandiona amapatuka."

Lilime langa linalemera ngati thumba la makilo fifite.
Ndinamuwerengera manambala, iye nalemba,
ndinamupatsa chenji chomwe panalibe chenji,
naweramitsa mutu, nathamangira lole ya ku Lunzu.

Usiku ndinayang'ana chipata nthawi yaitali.
Chala chimodzi, akanalowa.
Koma wokumba mbuna uja nayenso ali ndi amake,
mwina ndi amene ndimagulako tomato,
ndipo makumi asanu ndi awiri enawo
akudikira aone ngati mpanda uli ndi pobowoka.

Sindinatsegule.

Ndinangolowa ndekha m'Mphiringanya onse atagona,
ndinatsikira m'mbuna muja ndi nyali,
ndinalemba mzere umodzi m'mbiri ya dziko:
kavalo wathyoka mwendo, koma akupuma.

Kusanache uthenga unali utafika kale.
"Adimini, mumakondera."
Ndinautembenuzira pansi pa tebulo,
ndinatsegula zenera la kontena.
Kwatsala masiku asanu ndi limodzi,
ndipo ndi uyo akubwera, thumba paphewa,
akundipatsa moni ndi dzanja lomwe lili lomasuka.