Nyumba ya Kopolo Maliseni ku Lifuwu

Ndine ndinkamanga nyumba yake.
Ndalama zinkalowa pa foni mwezi ukatha,
zochokera ku Kongo,
kenako mawu ake: Amisiri, mwafika pati?

Ndinkajambula khoma n'kumutumizira.
Iye ankanditumizira nkhalango,
tenti yamatope, nsapato zosauma,
phiri limene dzina lake linkandikanika.

Tinakanganapo za zenera.
Ankafuna lalikulu, loyang'ana kuminda ya mpunga.
Ndinati, a Kopolo, nanga udzudzu wa kuno?
Anaseka. Mukuudziwa udzudzu inu?

Lachinayi tinathira lintala.
Chithunzi ndinatumiza, sanachione.
Loweruka galimoto yobiriwira inaima pa mjigo,
atatu natsika, zipewa zili m'manja,
kufunsa ana njira ya kwa Nachisale.

Bokosi sanalole kutsegula.
Mbendera anaipinda bwino zedi,
ngodya zake ngati ayeza ndi sikweya yanga.
Mfuti zitalira mbuzi zinadula zingwe,
kamwana kake, Tiyesere,
n'kubisa mutu m'chitenje cha azakhali.

Manda ndinawaka ndine,
ndi njerwa zake zomwezo
ndi matumba atatu a simenti amene anatsala.
M'menemo mulibe zenera.

Malata sanagulidwe.
Chisoso chamera pabalaza.

Dzulo Nachisale anandiimitsa pamsika.
Mawu aja ankakutumizirani, mukadali nawo?
Ndinamupatsa foni.
Anaigunditsa kukhutu, pakati pa ogulitsa tomato,
mwamuna wake nafunsanso,
wefuwefu, mvula ikugwa kumbuyo kwake:
Amisiri, mwafika pati?