Mupite Kwanu Lero Lomwe

Analowera pamkono, Fanuwelo,
pomwe umamanga wotchi yako yakufa ija,
nakankha kawaya mpaka kumtima
ngati mmisiri wa mipope wosafuna kuswa khoma.
Inali naini koloko.
Pofika folo, Sisitala Mokoena anali atapinda kale bulangete.

"Mupite kwanu lero lomwe."
Iwe unaseka. Kwathu ndi masiku awiri pa basi,
Beitbridge, Tete, mzere wa pa Mwanza.
Iye ankanena kachipinda ka ku Rosettenville,
kuseri kwa galaja ya eni.

Ine ndinakana.
Ndinati mtima si dzino
loti azule, munthu n'kukakwera thekisi.
Anagwira chala changa n'kuchiika pabandeji:
pakatupa, pakachucha magazi, dinikiza apa osasiya.
Chifuwa chikathina, imba nambala iyi.
Mapilisi asadumphe tsiku.
Asanyamule ngakhale ketulo.
"Tamuyang'ana maola asanu ndi limodzi, sisi.
Tikanaona choipa sitikanamutulutsa."

Mu thekisi ya pa Bree unafungatira mkonowo
ngati khanda la eni ake.
Ndalama za okwera zinadutsa m'manja mwanga,
iwe ndinakuletsa kulandira.
Dzenje lililonse la mumsewu
ndinalimva m'chifuwa changa.

Tsopano magetsi azima.
Foni yatsala ndi moto wochepa, ndikuusungira nambala ija,
koma ndaunikira kale kasanu.
Bandeji ikadali yoyera.
Kwa anansi mwana akutsokomola,
kutali sailini yapita kwa ena.
Ndakhala pa kreti ya zakumwa, nsapato kuphazi,
ndikuwerenga mpweya wako
monga ndimawerengera marandi a lendi:
kubwereza, kubwerezanso, osakhulupirira kuti akwana.

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikukugunyuza
kuti uleke mkonono.
Usiku uno liza, mwamuna wanga,
liza mpaka mwini nyumba agogode.

Kuchipatala bedi lako wagonapo wina.
Mwina nayenso ali ndi womudikira
pakhonde lozizira lija. Sindikumuchitira nsanje.
Pano ukununkha sopo wathu,
watembenukira kukhoma lomwe umalidziwa.

Sindikudziwa kuti tulo tinandiba liti.
Ndadzidzimuka nkhunda zikukanda malata,
bedi lili pululu,
iwe uli chilili pa sitovu, ukuyang'ana machesi,
dzanja likulunjika ku ketulo.

Ndalimenya.
Lakumanzere, losabooledwa lija.