Thabwa la Opambana

Seputembala akafika kuno ku Kildare
ndimatsamiritsa makwerero pakhoma la holo,
bulashi kukamwa, kachitini ka penti wagolide m'thumba la jekete,
n'kukwera kukalemba dzina limodzi.
Miyezi inayo ndimalemba zikwangwani za mabutchala ndi mabala,
koma zimenezo sindiziwerengera.

Mpikisano wake ndi wa ana.
Hatchi ya zaka ziwiri, mano amkaka akadali m'kamwa,
mawondo osakhwima, yodzidzimuka ndi chithunzithunzi chake chomwe,
amaiimika pamzere, zitseko phwa!
Mphindi imodzi ndi kachidutswa, zatha.
Penti wanga amachedwa kuuma kuposa pamenepo.

Pamwamba penipeni, pomwe kangaude wamanga,
pali dzanja la munthu amene sindinamuone.
Derravar.
Ena amati inali yotuwa, ena yakuda bii,
akuti inabwera pa sitima, m'bogi yonunkha malasha.
Chithunzi palibe. Zatsala zilembo zisanu ndi zitatu,
chomaliza chikusupuka.

Kutsika pang'ono ndi dzanja la bambo anga, a Malachy Tuohy.
R wawo ndimamudziwa, ali ndi kamchira kopindika.
Cloonagh Belle, yaikazi, inasiya amuna khumi akudya matope,
ndipo mayina atatu a m'munsimu anayamwa bere lake.
Grey Sexton inapambana, anthu anaponya zipewa m'mwamba,
dzinja lisanathe mwendo thyo! pa udzu woterera.
Ili kuseri kwa mpanda uko, pomera minga.
Moyvane Lad inakalamba ikunyamula ana asukulu Loweruka lililonse,
osadziwa iwo kuti akwera golide.

Pali chaka chopanda dzina.
Matenda a ziweto anatseketsa zipata,
bambo anakwerabe makwerero, n'kungokoka kamzere.
Pali china chomwe chilembo chinapendekeka:
tsiku limenelo anabetcha ndalama ya lendi
pa hatchi yomwe inafika yachinayi.
Amayi sanawayankhule mpaka Khirisimasi.

Ndipo apa, tayandikirani.
Dzina linafufutidwa ndi penti wakuda
atapeza mankhwala m'magazi mwake.
Hatchiyo inalakwanji? Inangomwa chomwe inapatsidwa.
Dzuwa la masana likalowa pazenera la kumadzulo
dzinalo limatulukira pansi pa mdimawo,
ngati chipsera cha katemera.

Eni hatchi ali ndi zikho m'makabati.
Okwera ali m'manyuzipepala, manja m'mwamba.
Wodzuka folo koloko kukawola ndowe
thabwa silimudziwa.

Lero wandigwirira makwerero ndi Edivaldo,
mnyamata wa ku Brazil, zala zong'aluka ndi chisanu.
Anagona m'khola masiku asanu ndi anayi
kamwanaka kakudwala m'mimba,
akukanong'oneza m'chinenero chomwe kuno sitikumva.
Dzulo kanadutsa pamzere ndi mphuno yokha.
Akunditchulira chilembo chimodzichimodzi
ngati ndingalakwitse.
Dzanja langa layamba kunjenjemera zaka zino,
ndimalitsamiritsa pa kandodo.

Malo atsala a mayina awiri.
Akomiti akuti adzaika kanema wamkulu pakhomapa,
wowala, wosafuna makwerero.
Chabwino.

Edivaldo akufunsa ngati kadzapambanenso chaka chamawa
pa mipikisano ya zikuluzikulu.
Ndayang'ana thabwa lonse, kuyambira pa kangaude mpaka pa bondo langa.
Ambiri mwa awa tsiku lawo linali lomwelo basi.
Sindinamuuze.
Ndati, gwira bwino, mwendo wakumanzerewu ukugwedera.

Ndatsika, ndamutuma madzi otsukira bulashi.
Iye atapita ndasuzumira kuseri kwa thabwa
komwe bambo ankalemba ndi pensulo ya kalipentala:
Dinny, Packie Roche, mkazi wa Noonan, mnyamata wachibwibwi.
Ndafufuza m'matumba onse.
Pensulo ndaiwala m'galimoto,
ndipo kunja mvula yayamba.