Adokotala Anati Ndiziyenda

Ku Gulupu anandimanga lamba pamkono,
kampope kakufufuma ngati chule.
Mtsikana wa msinkhu wa Upile wanga
anawerenga manambala, napukusa mutu:
"Bambo Makwinja, magazi akuthamanga.
Mchere muchepetse. Ndipo muziyenda."

Ndinaseka.
Ine kuyenda?
Ine amene ndinang'amba zidendene m'njira za ku Lunzu,
sukulu ili kutsidya kwa mitsinje iwiri,
amene ndinalowa m'tauni muno wapansi,
satifiketi ili m'kapepala ka shuga,
n'kugogoda mageti onse a ku Makata
mpaka nsapato inayasama kukamwa?
Zaka makumi awiri ndinamana mimba
kuti ndigule kagalimoto, ndileke kuyenda.
Lero akuti kandidwalitsa ndi komweko.

Ndiye Loweruka lililonse, kusanayere bwino,
ndimakasiya pansi pa mpeyala ku Chilomoni
n'kulunjika phiri la Michiru.

Oyamba kukumana nawo ndi amakala.
Akutsika, matumba atatu pa njinga imodzi,
buleki yake ndi chidendene patayala,
thukuta lalemba mizere pankhope.
Mmodzi anaima tsiku lina:
"Bwana, galimoto yafera pati? Tikakankhe."
Ndinati siinafe, ndikungoyenda.
"Ulendo wa kuti?"
Wa kulikonse.
Anayang'ana nsapato zanga zoyera
zimene Enelesi anasankha pa kaunjika ku Limbe,
nati, "Odala inu,"
n'kupitirira.
Mawu awiriwo ndinakwera nawo phiri,
olemera kuposa botolo la madzi.

Kumtunda njira imawonda.
Lupsa linadutsa, msipu wayamba kusuzumira,
masuku agwa okha,
ena anyani aluma kamodzi n'kutaya.
Pathanthwe pali amayi ovala zoyera,
achezera kupemphera, mawu asasa.
Wina akutchula dzina la mwana amene ali ku Joni,
kulitchula, kulitchulanso,
ngati akuitana mbuzi yosochera.
Ndimadutsa chipewa chili m'manja.
Mtima uli di, di, di m'makutu,
ndimawerama, kunamizira kumanga chingwe cha nsapato.

Pamwamba, Blantyre yense amakwana m'chikhatho.
Ndirande uyo, anam'meta mpala;
ine ndinamuona akadali ndi tsitsi.
Malata a ku Chirimba ali ngwee
ngati ndalama zachitsulo zomwazika pabwalo,
ndege yotera ku Chileka ndi tombolombo chabe.
Ofesi imene yandimeretsa imvi
ndimaiphimba ndi chala chachikulu,
pamodzi ndi banki, ndi ngongole yake.

Chakumpoto, kumene ukukwera utsi wa njerwa,
ndiko kwathu.
Maso amafunafuna kamnyamata kopanda nsapato
kakuthamangira belu, chimanga chokazinga m'thumba.
Ndikanakonda kukauza kuti,
iwe, usadziphe ndi liwiro,
udzafika ndithu,
ndipo ukadzafika adzakuuza kuti bwerera, kayende.

Potsika mawondo amadandaula ngati chitseko chakale.
Enelesi amandilandira ndi funso lomwelo:
"Mwaonako chiyani lero?"
Ndimam'tulutsira masuku atatu ofunda,
limodzi litaphwanyikira m'thumba.

Sabata yatha ndinam'pezanso wamakala uja
pa chitunda cha ku Likhubula,
njinga itakana, iye atatsamira chishalo.
Ndinagwira thumba lakumbuyo, tinakankha.
Dzina lake ndi Likaka, ana anayi,
amanyamuka kwawo nkhuku zisanalire.
Ndinam'funsa ngati anam'mangapo lamba uja pamkono.
Anati, "Lamba wanji?"

Malaya anga oyera anada mpaka m'khosi.
Enelesi anawanyika osafunsa kanthu.

Lachiwiri ku Gulupu mtsikana uja anamwetulira:
"Atsikako pang'ono. Pitirizani."
Ndinavomera, ndikutsitsa mkono wa malaya.
M'chikhadabo munali mutatsalira kamzere ka makala
kamene sopo anakalephera.