Osesa a m'Mapapo

Ku Sendai kwacha ndi chipale chofewa,
koma m'chipinda chathu chapansi
dzuwa ndi la magetsi:
limatuluka seveni koloko, kulowa seveni koloko,
ndipo mbewa zimalikhulupirira.

Ndine Chizuru, wosintha utuchi,
wodzaza mabotolo a madzi.
Dzina langa sililembedwa pa mapepala a kafukufuku.
Mbewa nazo zilibe maina, koma nambala pakhutu.
Ya 47 inkakonda kugona m'kampope ka katoni,
mchira uli panja
ngati yaiwala kuulowetsa.

Masabata asanu ndi limodzi apitawo
tinaidonthezera m'mphuno fumbi la mwala,
kadontho kosafika pa msozi.
Dzana ndinaigoneka tulo tosadzuka.
Manja anga sananjenjemere.
Analeka kalekale, ndipo chondiopsa n'chimenecho.

Lero Dokotala Hayasaka andikodola:
"Bwera udzaone. Si iwe unailera?"
Pa kagalasi pali kachidutswa ka phapo
kopyapyala kuposa khoko la anyezi,
konyikidwa mu utoto wofiirira.
Ndawerama pa maikulosikopu.
Zisa zopanda uchi, timazenera ta mpweya,
ndipo m'ngodya umu ndi umu
muli tinthu tonenepa, mimba tuu,
titameza tizidutswa tonyezimira.

Mabuku amati ndi asilikali a m'thupi.
Ine mfuti sindikuiona.
Ndikuona osesa,
aja olawirira mbandakucha pa siteshoni ya sitima
amene timawadutsa osapereka moni,
kungoti awa alibe tsache:
chinyalala chilichonse amachitola ndi pakamwa.

"Kachilombo amakagaya," akutero a Hayasaka
uku akupukuta mandala.
"Koma mwala sugayika.
Selo likaumeza umalibaya m'kati, limaphulika,
lina limabwera kudzameza mwala womwewo.
Kenako phapo limayamba kusoka zipsera."
Akunena ngati akuwerenga nthawi za mabasi.

Sakudziwa kuti bambo anga, a Tokuji,
anasema miyala ya pamanda zaka makumi atatu ndi zinayi,
kansalu ka thukuta kali kumphuno.
Madzulo ankabwera nsidze zili mbuu,
n'kuyamba atsokomolera panja
kuti amayi asamve.
Amayi ankamva.
Chaka chomaliza, masitepe khumi ndi awiri a kwathu
ankawakwera ngati phiri la Zao,
kuima katatu, dzanja pakhoma.
Ndinkati thupi lawo lawataya.
Sindinkadziwa kuti m'chifuwa muja munali khamu
losesa usiku ndi usana,
kufa, kulowana m'malo,
kupatsirana mwala umodzimodziwo ngati cholowa,
popanda wonena zikomo,
mpaka m'mawa uja mpweya unafika pakhomo
n'kupeza potseka.

Chaka chilichonse timasonkhana kuseri kwa labotale
pa mwala wokumbukira nyama zimene tapha,
aliyense ndi duwa loyera, mutu pansi.
Anzanga amatsinzina.
Ine ndimayang'ana zilembo.
Anazigoba ndani?
Akupuma bwanji lero?

A Hayasaka akufuna chiwerengero isanakwane faifi.
Ndagwira kowerengera, chala chikuti tha, tha, tha.
Makumi asanu ndi awiri m'bwalo loyamba.
Mmodzi ali payekha m'mphepete,
wakhuta koposa onse, koma sanaphulike.
Ndatsala pang'ono kumuwerenga kawiri.

Ndatsika kukatsuka khola la 47.
Kampope kaja kali ndi mano ake m'mbali.
Malamulo amati kawotchedwe. Ndakaika m'thumba lofiira.

Panja kwada.
Basi ya ku Yagiyama yanyamuka ndisanafike,
yandisiyira utsi pankhope.
Ndaukoka, sindinachitire mwina,
ndipo ndaima pomwepo, chipale chikugwera pa chikhoto,
kumvetsera pansi pa nthiti zanga
kumene wina, wosandidziwa n'komwe,
wadzuka kale
n'kutsegula pakamwa.