A Likhweru

Zinayamba Lachiwiri potsetsereka pa Chowe,
nditanyamula anthu asanu ndi awiri, thumba la nandolo,
ndi mbuzi ya Che Mdoka m'buti.
Nditaponda buleki pa kona yachitatu
galimoto inakuwa, tswiii,
mbuzi nkuyankha.

Abiti Jawadu anagwira mpando wanga kumbuyo
nayamba duwa chamumtima.
Ine ndinangokweza wailesi.

Sabata isanathe, akabaza a pa mlatho wa Shire
anali atandipatsa kale dzina:
"Patukani, a Likhweru afika!"
Okwera pa siteji ya Namwera anayamba kundilambalala
ngati ndili ndi chifuwa.

Ndinaimba foni ku kampani, ku Blantyre.
Anayankha mtsikana wa mawu oterera ngati sopo:
"Ibweretseni tiione, bwana."
Kuiona kokhako, ndalama.
Madzulo koteshoni inalowa pa foni:
mapadi, madisiki awiri, mafuta a mabuleki,
lebala, msonkho,
ndi china chake chimene mpaka lero sindichidziwa.
Nambala ya pansi ndinaiwerenga kawiri.
Ndinkayesa andilembera nambala ya foni.

Usiku umenewo ndinaika zinthu pa sikelo.
Mbali iyi fizi ya Twaibu ya folomu fili
ndi malata atatu amene mvula idawadziwa kale.
Mbali inayo, Chowe,
ndi phompho lija kumanzere kwake
limene silifunsa kuti mwalipira kuti.

M'mawa ndinapita kwa M'baluku,
pansi pa bwemba pamene dothi lidada ndi oyilo.
Che Lifa sanandipatse moni, anapatsa galimoto.
"Yendetsani. Pondani. Pondaninso."
Anapendeketsa mutu
ngati akumvetsera mwana akunama.
Jeke, sipanala, tayala pansi.

Anandionetsa padi yopyapyala ngati chikhadabo.
"Kachitsulo aka mukukaona?
Anakaika dala kuti kazikuwa padi ikatha.
Galimoto yanu sikudwala,
yakhala ikukuuzani zoona masabata atatu,
inu nkumakweza wailesi."

Anasisita disiki ndi chala chachikulu,
naiyeza, naiyezanso.
"Iyi ikadali ndi mnofu. Isiyeni."
Mnyamata wake anathamanga pa njinga
nkubwera ndi mabokosi awiri a mapadi.
Dzanja langa linapita pa lotchipa.
Che Lifa analibweza.
"Limenelo ndi la oyenda m'tauni muno, kopanda chitunda.
Inu mumatsika phiri ndi ana a eni."

Sandipepala, kagirisi kumsana kwa padi,
mabawuti kumanga mopingasa.
Dzuwa lisanafike pamutu anali akusamba m'manja ndi palafini.

Ndinafunsa za galanti.
Kukampani akanandipatsa pepala la chidindo,
khofi, ndi mpando wofewa.
Che Lifa analoza nyumba ya chitseko chobiriwira.
"Ndimagona apo. Zikavuta mudzandidzutse."
Sindinganame, mtima unatsalira pang'ono pa chidindo chija.
Ndinalipira, nkuwonjezera Fanta,
ndi lonjezo loti mayi ake Lachisanu lililonse
azipita kuchipatala osalipira.

Tsiku lomwelo ndinatsika Chowe kawiri.
Kona yachitatu inadutsa phee.
Abiti Jawadu anagona mpaka pa mlatho.
Akabaza sanatembenuke nkomwe.

Ndinafika kunyumba mdima utagwa,
nkuima pa geti monga mwa masiku onse.
Palibe anatuluka.

Masabata atatu aja Asiyatu ankandimvera patali,
ndikadali pa kona ya chigayo,
nkuthamanga wopanda nsapato kudzakoka chitsulo cha geti,
akukuwa tswiii, tswiii, kundinyogodola.

Ndinakhala kaye m'galimoto, injini itazima,
ndikumuona pa windo, ataweramira kope lake la masamu,
khutu limodzi atalitchera kumsewu.

Kenako ndinatsitsa galasi,
ndinaika zala ziwiri m'kamwa,
nkuimba likhweru.