Kanyumba ka pa Batani

Lachiwiri, mvula ya ku Dundee ikugwa chopingasa,
anandikhazika patebulo lalitali
kuyunivesite, nsanjika yachitatu.

Anthu a mapepala ndimawadziwa.
Amafunsa mayi anga kuti kodi amamwa tiyi wa shuga,
ine ndili pomwepo
ngati chikwama choiwalika pampando.
Koma Morven anayang'ana ine.
"Struan, tagula tikiti ya ku Arbroath,
yopita ndi kubwerako."

Makinawo anali a katoni,
mabatani ojambula pamanja.
Ndikadina, Morven ankasintha pepala,
iyeyo ndiye magetsi ake.
Ndinadina. Ndinadinanso.
Kenako kakasi.

Panali mivi iwiri yothamangitsana.
Ndinati: iyi ili pa bini ya kwathu.
Mukufuna nditaye tikiti?

Chipinda chonse zii.
Lachlan, amene anaijambula miyezi itatu,
makutu anafiira psu.
Kenako anaseka,
ndipo sankaseka ine.
Kusiyana kwake ndimakudziwa,
ndaphunzira kuseka kwa anthu zaka makumi atatu,
palibe amene angandipose pa phunziro limenelo.

"Nanga tiikepo chiyani?"
Anandipatsa cholembera.
Dzanja langa limachedwa, sanandilande.
Ndinajambula kanyumba,
denga lopendekeka, khomo limodzi,
chifukwa kubwerako n'kupita kunyumba,
palibenso china.

Ndinawauzanso za nthawi.
Makina enieni amandiwerengera masekondi,
ndisanamalize mzere woyamba
afufuta zonse, ndiyambirenso,
kumbuyo kwanga wina akupumira m'khosi.
Morven analemba mawu anga momwe ndinawanenera,
sanawachape, sanawasite.
Pamapeto ndinasaina, analipira,
monga amalipirira munthu amene wagwira ntchito.

Za nthawizo anakana a kampani.
Akuti mzere ungatalike.
Ndinakwiya mpaka Lachisanu,
ndipo ndidzazinenanso pamsonkhano wa mwezi wa mawa,
ndazilemba kale ndi zilembo zikuluzikulu.

Koma dzulo pasiteshoni
pamene akuyesera makina atsopanowo
ndinaima pafupi ndi chipilala, ndikudya tchipisi.
Kunabwera bambo wa suti,
akusisita m'matumba, magalasi waiwala,
sitima yatsala pang'ono kunyamuka.
Anatsinzinira pa galasi la makina.
Mawu sanawaone.
Chala chinayendayenda,
n'kutera pa kanyumba kanga.

Anatenga tikiti, liwiro.
Sanacheuke n'komwe.

Denga analiwongola pang'ono,
koma khomo ndi lomwe lija.